Mtima unkadumpha, ine ndikuloza chala mlongo wanga

Ndine mlimi wa fodya wa bale cha ku Chamama, kum'mawa kwa boma la Kasungu, ndipo ndinabadwa mu 1958. Fodya ndinayamba kumugwira ndili mnyamata pa esiteti, masiku omwe aliyense wofuna ndalama kuno ankathamangira kuminda ikuluikulu ya fodya wowamba ndi moto, ndipo mpaka lero manja angawa sadziwa ntchito ina. Nkhani yomwe ndikufuna kuulula ndi ya mtima wanga, umene unayamba kugunda mosalongosoka mu 2023, komanso ya zomwe ine ndinachita nawo. Ndinabisira mayi a kunyumba, ndinanamiza madokotala, ndinamwa mankhwala a munthu wina, ndipo choipitsitsa pa zonse, ndinapaka ufiti mlongo wanga wobadwa naye bere limodzi. Ndikuulula chifukwa pa maliro ndi pa misonkhano ya kalabu ndimamva anzanga akunong'onezana kuti mtima ukuwathamanga, ndipo njira yomwe akuyamba kutsata ndimaidziwa kumene imakathera.

Zinayamba mu Febuluwale, nyengo yothyola. Amene sanalimepo fodya adziwe kuti timalawirira kumunda mame asanaume, tsamba lili chinyowere, n'kumalikundika m'khwapa ndi pamkono mpaka malaya onse atanyowa ndi kuda bii ndi utomoni. M'mawa wina ndili pakati pa mzere ndinamva m'chifuwa mukupalapata ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Mtima unkathamanga, n'kuima pang'ono, n'kumenya kamodzi mwamphamvu, n'kuyambanso kuthamanga mopanda dongosolo. Mawondo anafooka, thukuta lozizira linatuluka, mseru unandigwira. Ndinakhala pansi pakati pa fodya pomwe aganyu sakanandiona. Dzuwa lisanafike paliwombo zonse zinatha zokha, ndipo madzulo ndinali m'chigafa kusoka fodya ndi kupachika mikangala pamodzi ndi anzanga, osauza aliyense.

Chifukwa chomwe ndinabisira aliyense wa kuno achimvetsa. Fodya wanga anali wa kontrakiti. Feteleza, mbewu ndi mankhwala a ku nazale zonse zinali za ngongole, ndipo mu kalabu yathu wina akalephera kubweza, mtolo umagwera onse. Mlimi akadwala mu Febuluwale, aganyu amagwa ulesi, anzake a mu kalabu amayamba kuyang'ana chigafa chake ndi diso lina, mavenda nawo amafika ndi timawu tokoma kuti agulitse fodya asanaume. Ndinadziuza kuti ndikagulitsa, ndikalipira ngongole, ndiye ndidzaona za thupi. Komanso ndinali ndi mantha. Bambo anga anagwa pakhomo tsiku lina osadzukanso, ndipo ine ndinkaopa kuti ndikatchula mawu oti mtima, ndiye kuti ndaiitana imfa yomweyo.

Usiku ndinkagona kuchigafa kulondera akuba. Kuti maso asatseke ndinkamwa tiyi wakuda wa masamba ambiri, ndipo mdzukulu wanga anandiphunzitsa zakumwa za m'zitini zomwe achinyamata amati zimapatsa mphamvu. Kukacha, kumunda. Madzulo thupi likakana tulo, ndinkapita kwa mayi wina wotcheza kachasu kukamwa kabotolo koti kandigoneke. Mtima unayamba kudumpha pafupipafupi, nthawi zina kanthawi kochepa, nthawi zina usiku wonse mpaka tambala. Ine ndinkapita pa golosale kukagula Panado, Bufen ndi timapiritsi ta chimfine, n'kumeza zonse pamodzi.

Zitanyanya ndinakwera kabaza kupita pa kachipatala kena kolipira pa msika. Pofika pamenepo mtima unali utabwerera m'malo mwake, ukugunda bwinobwino. Apa ndi pomwe matendawa amapusitsira munthu, pakuti amakugwira kumunda kapena pakati pa usiku, ukafika pamaso pa dokotala n'kubisala. Atandifunsa chomwe chikundivuta, ndinachita manyazi kufotokoza chinthu chomwe sichikuoneka, ndiye ndinati thupi likuphwanya, mutu ukuwawa, ndikufooka. Anandibaya chala, malungo sanapezeke. Ine ndinaumirira kuti thupi langa ndimalidziwa, ndi malungo basi, andipatse LA ndi jakisoni. Ndinalipira n'kubwerera. Ulendo wotsatira ndinapita kwina, ndipo chifukwa buku langa la kuchipatala linali m'sutikesi ya mayi a kunyumba, omwe sindinkafuna kuti adziwe, ndinagula buku latsopano pakhomo pa chipatala. Ndinachita chimodzimodzi kulikonse komwe ndinapita. Dokotala aliyense ankatsekula tsamba loyamba lopanda kanthu, n'kundiona monga munthu amene wadwala dzulo lomweli. Winawake anandiyeza BP nati yakwera, ndibwerenso sabata yamawa adzayezenso. Sindinabwerere, ndipo buku lomwe analembamo nambalayo ndinalisiya pa denga la chigafa mpaka chiswe chinalidya.

Tsopano ndifike pomwe pamandiwawa. Mlongo wanga, amuna ake atamwalira, anabwerera kumudzi kwathu ndi ana ake, ndipo mwana wake wamkulu anayamba kulima dimba la kudambo lomwe mayi athu anasiya. Pa mwambo wathu mwana wa mlongo wangayo sanalakwe, malo a amayi ndi a mbumba, ine ndine wongoyang'anira. Koma dimbalo ndi lomwe ndinkafesapo nazale, ndipo tinakanganapo mawu pamaso pa anyakwawa. Mnzanga wina wa ku kachasu, yekhayo amene ndinamuuza za mtima, anati matenda omwe amathawa akaona chipatala si a chipatala. Ananditengera kwa sing'anga wina kutsidya kwa mtsinje wa Dwangwa.

Sing'angayo sanatchule dzina la munthu. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti iye ndi amene anaona mlongo wanga m'galasi. Anangondifunsa ngati pali wachibale amene ndinasemphana naye pa nkhani ya malo, ngati ndi wamkazi, ngati amakhala pafupi. Mayankho onse ndinapereka ndine, dzina ndinalitchula ndi pakamwa panga. Ananditema mphini pachifuwa ndi kumsana, n'kupakamo mankhwala akuda, nandipatsa botolo la mizu yoviika. Ndinasiya mbuzi ndi ndalama zomwe ndinakongola kwa wakatapila. Ndipo kwa masabata angapo mtima unakhala phee. Lero ndikudziwa kuti kuthyola kunali kutatha, sindinkagwiranso tsamba lonyowa, ndinali nditayamba kugona m'nyumba, komanso kuti matendawa amabwera n'kupita okha ngakhale munthu asamwe kanthu. Pa nthawiyo ndinati sing'anga walasa.

Ndinayankhula pa mowa. Sindinakuwe, ndinangoti ena pamudzi pano akufuna dimba ndi mtima wanga womwe. Mawu amenewo anayenda mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Amayi anzake anasiya kupita naye kumjigo. Ana ankathawa akamuona akubwera, ena anagenda denga la nyumba yake usiku. Mayi amene anandibereka kumsana ndili khanda, amayi athu ali kumunda, analeka kupita ku Mvano chifukwa pa benchi yomwe wakhala ena ankasuntha. Tsiku lina anabwera pakhomo panga, nagwada patali, nati, "Achimwene, ngati dimbalo ndi lomwe landisandutsa mfiti, litengeni. Koma mundiuze chomwe mukudwala, chifukwa ine ndikungomva kwa anthu." Ine ndinalowa m'nyumba osamuyankha. Dziko lino lili ndi lamulo la 1911 lomwe limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo akanafuna akanandisumira. Tamva m'maboma ena agogo ataphedwa ndi adzukulu awo omwe chifukwa cha mawu ngati angawa. Kuti mlongo wanga ali moyo ndi chisomo cha Mulungu, osati nzeru zanga.

Mu Meyi, tikusankha fodya ndi kudinda mabelo, mtima unayambiranso, mwamphamvu kuposa kale. Mphini zinali zitapola, botolo litatha. Mlamu wanga, amene amalandira mankhwala a BP mwezi ndi mwezi, anandiona nditagwira pachifuwa, ndipo ndinamunamiza kuti dokotala anandiuza kuti ndi BP koma mankhwala anatha. Anandigawira timapiritsi take toyera. Iye amamwa kamodzi patsiku. Ine, poona kuti galimoto yonyamula mabelo kupita ku Chinkhoma ikubwera mawa lake ndipo ntchito idakalipo, ndinameza tiwiri m'mawa, masana n'kuwonjezeranso. Ndikupotokola jeke yodindira mabelo ndinaona mdima. Ndinadzidzimuka ndili pansi, chipumi chitang'ambika pa chitsulo, mayi a kunyumba akundithira madzi kumaso, malaya atandivula. Apo ndi pomwe anaona zipsera za mphini pachifuwa panga.

Fodya wa chaka chimenecho anamalizidwa ndi aganyu popanda wowayang'anira. Anasakaniza masamba a pansi ndi a pamwamba, wina anadindidwa asanaume bwino. Ku okushoni mabelo ena anabwezedwa kuti akasankhidwenso, ena anagulidwa pa mtengo wa pansi, ndipo wolakwa panalibe wina koma mwini fodya. Kampani itadula ngongole yake, wakatapila atatenga zake ndi chiwongoladzanja, zomwe zinatsala sizikanagula ngakhale feteleza wa chimanga. Ndinabisa matenda kuti ndipulumutse fodya, koma fodyayo anapita.

Mayi a kunyumba sanakalipe. Usiku wa tsiku lomwe ndinakomokalo anakhala m'mphepete mwa mphasa nati, "Abambo, zaka zonsezi ndakuphikirani, ndakuchapirani, lero mukukafera kutchire kwa asing'anga ine ndili pompano? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwamva, koma chitseko mwachikhoma, n'kumanamizira alamu anga." Kutacha anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, natulutsa buku langa lakale m'sutikesi, n'kundiperekeza ku chipatala china cha mishoni.

Amene anatilandira anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Nditayamba nyimbo yanga ya thupi kuphwanya, mayi a kunyumba anandidula: "Adokotala, akunama awa. Afunseni za mtima, afunseni za kachasu, afunseni za mapiritsi a achimwene anga." Mtsikanayo anaika cholembera pansi, natenga dzanja langa, nagwira pamkono pafupi ndi chala chachikulu, maso ali pa wotchi, mpaka mphindi yathunthu inatha. M'maulendo anga onse aja palibe anachitapo zimenezi, ndipo sindingawadzudzule kwambiri, popeza munthu amene akuumirira kuti ali ndi malungo, kumbuyo kwake kuli mzere wofika panja, amapatsidwa za malungo. Anati mtima pa nthawiyo ukugunda mwadongosolo, koma BP ndi yokwera kwambiri. Anayeza kuchuluka kwa magazi, anayeza shuga, anandigwira pakhosi kuona ngati chithokomiro chatupa, anamvetsera pachifuwa. Anafotokoza kuti kuchepa kwa magazi, chithokomiro, BP, mowa, kusagona, zakumwa za m'zitini zija, ngakhale mapiritsi ena a chimfine, zonsezi zimatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Kenako anandifunsa ngati ndimasuta.

Ndinayankha monyadira kuti ndudu sinakhudzepo milomo yanga chibadwire, ngakhale chingambwe. Iye anati, "Bambo, fodya salowa pakamwa pokha ayi." Anandiuza kuti chikonga chomwe chili m'tsamba chimasungunuka m'mame ndi m'madzi a mvula, n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka m'khwapa ndi pamikono pomwe timakundika masamba, malaya onyowa atamatirira. Mseru uja, chizungulire, mutu, kufooka, mtima kuthamanga, zomwe tonse kuno timaziona nyengo yothyola n'kumati ndi malungo a dzinja, kawirikawiri ndi chikonga chimenechi. Mu 2009 bungwe la Plan International linafalitsa kafukufuku wa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi muno, ndipo Kasungu anali m'gulu la maboma omwe anafikako. Linati patsiku lachinyezi mwana amatha kuyamwa pakhungu chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Ine ndagwira tsamba lonyowa kuyambira m'ma 1970, ndatuma ana anga ndi adzukulu anga m'mizere yomweyo m'mamawa, ndipo palibe tsiku ndinaganizapo zowaveka pulasitiki. Chikonga sichinali chokha chomwe chinandidwalitsa, gwero lenileni linali BP ya zaka zambiri yosasamalidwa, koma ndi chomwe chinkautsa matenda ogona.

Za BP anati ndisadzione ngati ndekha. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa n'komwe. Anandiyambitsa mankhwala a BP oyenera ine, nalemba kalata yoti ndipite ku Kamuzu Central ku Lilongwe akajambule mtima.

Kalatayo ndinaisunga m'Baibulo miyezi yambiri. Ndinali ndi zifukwa zomwe zinkamveka bwino m'makutu mwanga: ndalama palibe, nazale yayandikira, mankhwala a BP akuthandiza. Kuchoka pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo ife a ku Chamama timayamba talipira ulendo wofika pa bomapo kudzera ku Mtunthama. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa minibasi ndi wa chilichonse n'kukwera. Mwezi womwewo mnzanga amene tinkakhala naye benchi imodzi mu kalabu, amenenso ankadandaula za mtima kuthamanga, anadzuka m'mawa kamwa itapotoka, dzanja lamanja lili lende, mawu osamveka. Ali moyo mpaka lero, koma amadyetsedwa ndi akazi ake ndipo munda wake ukulimidwa ndi ena. Nditachoka kukamuona ndinagulitsa njinga yanga, ndipo titangomaliza kuokera fodya ndinanyamuka.

Ku Lilongwe anandigoneka pa bedi, nandimata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo. Makinawo amawatcha ECG, ndipo amalemba pa pepala mmene mphamvu yoyendetsa mtima ikuyendera. Sabaya, sapweteka, ndipo satenga nthawi. Pepala linatuluka, dokotala analiyang'ana nati kagundidwe kali bwino. Ndinamva kutentha m'maso. Njinga yapita, ndasiya fodya wanthete m'munda, ndipo makina a boma akuti ndilibe kanthu. Mumtima ndinayamba kubwerera kwa sing'anga uja, kuti mwina ananena zoona. Ndinanyamula chipewa kuti ndizipita.

Dokotalayo anandikhazika pansi. Anati makinawo amaona za mphindi yomwe munthu wagona pabedipo basi, ndipo matenda obwera n'kupita sangagwidwe pa tsiku lomwe sanabwere. Anati pali kachipangizo kena komwe munthu amavala maola 24 akuyenda, akugona, koma kamapezeka m'malo ochepa. Ndiye anandipatsa ntchito. Anandiphunzitsa kuika zala ziwiri pamkono n'kuwerenga kwa mphindi yathunthu. Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo mipata yake imakhala yofanana. Anati ndigule kope la ana a sukulu, ndizilemba tsiku, nthawi yomwe zayamba, yomwe zatha, nambala yomwe ndapeza, ndi chomwe ndinadya, kumwa kapena kugwira zisanayambe. Ndipo anafunsa ngati ndili ndi wachibale mumzinda. Mwana wanga wamkazi amakhala ku Area 25, amuna ake amagwira ntchito ku Kanengo. Dokotala analemba m'buku langa ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndikadzafika mtima ukudumpha, andijambule nthawi yomweyo osadikira mzere.

Ndinakhala kwa mwana wanga, wosowa mtendere, maganizo ali kumunda. M'bandakucha wina zinayamba. Mkamwini wanga anabwereka galimoto ya mnzake, ndipo tinafika mtima udakapalapata. Ulendo uno pepala linatuluka ndi mizere yomwe ngakhale ine wosaphunzira za chipatala ndinaona kuti ndi yosalongosoka, mipata ina yaifupi, ina yaitali. Ndinalira pamaso pa mkamwini, chinthu chomwe mwamuna wa kwathu sachita. Chomwe chinandiliza si mantha. Pa pepalapo panali matenda anga, ooneka ndi maso, okhala ndi dzina, ndipo mlongo wanga panalibepo.

Dzina lake ndi atrial fibrillation. Mmene anandifotokozera, mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamalo komwe kamatulutsa mphamvu yolamula kugunda kulikonse. BP ikakhala yokwera zaka zambiri, makoma a mtima amakhuthala, zipinda zam'mwamba zimatanuka, ndipo mphamvu ija imayamba kutuluka m'malo ambirimbiri nthawi imodzi. Zipinda zam'mwamba m'malo mofinya magazi zimangonjenjemera, zam'munsi n'kumagunda mwachisawawa. Choopsa chachikulu si kudumphako. Magazi omwe sakukankhidwa bwino amatha kuundana m'kona mwa mtima, kachidutswa n'kuthothoka, kuyenda ndi mtsempha mpaka kukatseka mu ubongo. Munthu wa matendawa ali pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake wopanda matendawa. Nditamva izi ndinaona nkhope ya mnzanga wa mu kalabu uja. Dokotala anawonjezera kuti si kudumpha kwa mtima kulikonse komwe ndi matendawa. Anthu ambiri amamva mtima ukuphonya kamodzikamodzi ndipo nthawi zambiri sizoopsa, ena ndi nkhawa, ena ndi kuchepa magazi, achinyamata ena ndi zitseko za mtima zomwe zinaonongeka ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa ali ana. Kusiyanitsa kwake ndi kuyeza, palibe njira ina. Anandiunikanso mtima pa kanema, napeza kuti zitseko zake zili bwino koma makoma akhuthala.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti mankhwala ochepetsa liwiro la mtima omwe anandilembera, atenolol, ndi omwe aja ndinatenga kwa mlamu wanga. Dokotala anati amenewa amathandiza pa mlingo wake, kwa munthu amene wayezedwa, koma kumeza mophatikiza monga ndinachitira kumatsitsa mtima ndi BP mpaka munthu kukomoka, ndipo ena sadzukanso. Chifukwa cha msinkhu wanga ndi BP, anandiyambitsanso warfarin, woletsa magazi kuundana. Ameneyu ndi mankhwala ofuna ulemu. Akachepa sateteza, akachuluka munthu amatuluka magazi m'kamwa, m'mphuno, ngakhale m'mimba. Ndiye pamafunika kuyezetsa magazi kawirikawiri kuti aone ngati mlingo uli pakati. Bufen, Indocid ndi Aspirin za pa golosale ndinaletsedwa. Mizu ya asing'anga ndinaletsedwa, mphini ndiye kutalitali. Za ndiwo zamasamba, bonongwe, mpiru, nkhwani, chisoso, anati ndisasiye kudya, koma ndizidya mofanana sabata ndi sabata, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kumasokoneza mphamvu ya mankhwalawa. Mayi a kunyumba ndi amene anasunga malamulo onsewa pamtima, ine ndimangomvera.

Sindinachire. Mtima umadumphabe nthawi zina, koma mwa apo ndi apo, ndipo sufulumira monga kale. Kachasu ndinasiya, zitini ndinasiya, kuchigafa kumagona mdzukulu wanga wamkulu ndi galu. Pothyola timadikira mame aume, mvula ikagwa timaleka, ndipo aliyense amavala thumba la pulasitiki loboola pamutu ndi m'manja, akamaliza asambe ndi sopo ndi kusintha malaya. Ana aang'ono salowanso m'munda wa fodya. Zikayamba ndimakhala pansi, ndimawerenga, ndimalemba m'kope. Ndinauzidwa kuti zikabwera ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kukomoka, kapena kamwa kupotoka ndi dzanja kufooka, pamenepo kope ndi losiya, wina athamangire galimoto.

Kwa mlongo wanga ndinapita nditangobwera ku Lilongwe, ndi nkhuku m'manja, anyakwawa ndi akulu a mpingo ali mboni. Ndinapempha kuti aitane mudzi wonse, popeza bodza ndinalinena pagulu. Ndinatulutsa pepala la ECG n'kuliyendetsa m'manja mwa anthu, ndinanena kuti dzina la mlongo wanga sing'anga sanalitchule, ndinalitchula ndine chifukwa cha dimba. Iye analandira nkhukuyo nati, "Ndamva, achimwene. Mwachita bwino kunena anthu akumva." Anabwerera ku Mvano, amayi anzake amapita naye kumjigo. Koma mwana wake wamkulu uja anasamukira ku Santhe kwa akazi ake ndipo sandiyankhula, dimba lija lamera bango. Pali anthu pamudzi pano omwe mpaka lero amati utsi sufuka popanda moto, ndipo mawu amenewo ndinawadzala ndine.

Chomwe chimandilemera tsopano ndi ulendo. Kuti ayeze magazi a warfarin ndi kuona mtima ndimayenda mtunda wautali, ndipo mwezi womwe ndalama yasowa ndimagona ndi nkhawa. Ndinamva kwa adokotala za ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yomwe m'dziko muno inayambira ku Neno n'kufika ku Karonga ndi ku Salima, pomwe anamwino ndi madokotala a pa chipatala cha m'boma lawo amaphunzitsidwa kuunika mtima ndi kusamala odwala ngati ine pafupi ndi kwawo. Mayiko a mu Africa anagwirizana za ndondomekoyi mu Ogasiti 2022 ku Lomé, m'dziko la Togo. Boma la Kasungu ladyetsa dziko lino ndi fodya kuyambira nthawi ya a Kamuzu Banda, ndipo mlimi wa ku Chamama, ku Chulu, ku Kaluluma kapena ku Nkhamenya sayenera kugulitsa njinga kuti amve dzina la matenda ake.

Ndiye ndikupempha. A Unduna wa Zaumoyo, chithandizo chotere chikhazikike m'boma lililonse, makina a ECG akhale ndi mapepala ake, mankhwala asamaduke, ndipo pa chipatala chaching'ono chilichonse munthu wamkulu asatuluke asanagwidwe pamkono ndi kuyezedwa BP, ngakhale iye akuumirira kuti ndi malungo. Makampani omwe mumatipatsa feteleza pa ngongole, alangizi anu akamabwera kudzawerenga mapesi, abweretsenso majuzi a pulasitiki ndi magolovesi, ndipo anene poyera zomwe tsamba lonyowa limachita m'thupi la munthu. Atsogoleri a makalabu, makina oyezera BP a mabatire sadula kuposa belo limodzi, sonkhani mugule, muziyezana tsiku la msonkhano. Ndipo iwe mnzanga amene mtima ukukudumpha, uza akazi ako usiku uno, tenga buku lako lakale lomwe lija, ndipo ukafika kwa dokotala unene mawu oti mtima, ngakhale pa nthawiyo utakhala phee.